Zimene Volkswagen Beetle yakale imaphunzitsa munthu woikonzera pakhomo

Munthu akangokokera Volkswagen Beetle yakale pakhomo, maganizo amathamangira ku penti: idzakhala yofiira kodi, mipando adzaisoka ndi nsalu yanji. Pophunzira ntchitoyi, chimene chimaonekera msanga n'chakuti penti imabwera kumapeto penipeni, ndipo ndalama zambiri zimalowa m'malo amene wodutsa pamsewu sadzawaona. Kagalimoto aka kamapirira nkhanza zambiri, koma dzimbiri ndi kutentha kwa injini ndizo zimakapha. Ntchito yonse imayenda bwino mukaikonza motsatira adani awiri amenewa.

Beetle ndi yabwino kuphunzirirapo chifukwa masipeya ake akupangidwabe. Inapangidwa kuyambira 1938 mpaka 2003, pamene yomaliza inatuluka ku Puebla m'dziko la Mexico, ndipo zonse pamodzi zinaposa 21 miliyoni. Ku Uitenhage ku South Africa ankazipanga kuyambira 1951 mpaka 1979, za chiwongolero cha kumanja ngati zimene timayendetsa kuno. Komabe musagule sipeya iliyonse musanawerenge nambala ziwiri. Ya chasisi inadindidwa pa mtsinje wachitsulo wapakati, pansi pa mpando wakumbuyo. Ya injini ili pa bokosi la injini, m'munsi mwa mwendo wonyamula jenereta. Galimoto ya zaka makumi asanu imakhala itadutsa m'manja mwa amakanika ambiri, moti si zachilendo kupeza bodi ya chaka china, injini ya chaka china, mabuleki a chaka chinanso. Miyendo yakutsogolo inasintha mu 1965 kuchoka ku king pin kupita ku ball joint, ndipo zipangizo zake sizisinthana. Chitsulo chapansi nacho chimasiyana pakati pa galimoto ya chiwongolero cha kumanja ndi ya kumanzere, chifukwa cha malo a mapedulo.

Musaimasule yonse tsiku limodzi. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene ntchito zambiri zapakhomo zimafera: galimoto yasanduka milu isanu, mabawuti ali m'zitini zosalemba, nkhuku zikuikira mazira pa mpando. Ngati n'kotheka, iyambe yalira ndi kuima kaye, kuti mudziwe chodwala ndi chamoyo. Chilichonse chimene mwachotsa mujambule ndi foni, muike m'kathumba, mulembepo.

Za dzimbiri. Bodi ya Beetle siinawotchereredwe ku chasisi, inamangidwa ndi mabawuti, ndipo mphamvu yake yagona mu mipope iwiri yachitsulo yodutsa pansi pa zitseko, imene amakanika amaitcha heater channel. Ntchito yake yooneka ndi kutengera mpweya wofunda kutsogolo, koma ndiyonso msana wa bodi. Mpweya wofunda ukakumana ndi chitsulo chozizira, mkati mumachita thukuta, choncho imawola kuyambira mkati kunja kukuoneka bwinobwino. Chotsani chopondera cha m'mbali, mutenge sikuludiraiva, mubaye mosanyengerera. Bayaninso pansi pa batire, kumanja pansi pa mpando wakumbuyo, pamene asidi amadya chitsulo. M'dzenje la tayala la sipeya kutsogolo. M'munsi mwa mizati ya zitseko. Ndi pamphuno ya chasisi pomwe pamamangidwa ekiselo yakutsogolo. Mphuno imeneyi ikakhala yowola kapena yopindika chifukwa cha ngozi, ntchitoyo yaposa ya pakhomo, pokhapokha muli ndi zoyezera. Kamaginito kokulunga m'kansalu kamaulula fila: pamene sikakugwira, wina anamatapo phala m'malo mwa chitsulo.

Posintha heater channel, cholakwika chachikulu ndi kudula yakale bodi itachotsedwa kale pa chasisi. Bodi imapinda, ndipo zitseko sizidzatsekanso bwino mpaka kalekale. Yambani mwawotcherera zitsulo zopingasa pakhomo la chitseko kuti mizati isasunthe. Gwirani mbali imodzi, ina idikire. Yatsopano muimange kaye ndi mabawuti ku chasisi kuti mabowo agwirizane, mupachike chitseko, muone ngati mpata wake uli wofanana kuzungulira konse, ndiye muyambe kudontheza moto. Chitsulo cha bodi n'chopyapyala, sichifika ngakhale milimita imodzi m'malo ambiri. Makina owotcherera ndi ndodo, aja opangira mageti ndi mafelemu a mawindo, amangoboola. Pamafunika makina owotcherera ndi waya otchedwa MIG, a waya wa 0.6 mm, ndipo simuwotcherera mzere wautali kamodzi: kadontho apa, kena masentimita anayi kutsogolo, kusiya pazizire, kubwereranso kudzadzaza mipata. Mukathamanga, chitsulo chimachita mafunde amene fila yokha sidzawabisa. Musanayatse moto chotsani thanki ndi batire, palani phula la pansi, ndipo kumbukirani kuti paipi ya petulo imadutsa mkati mwa mtsinje wapakati uja.

Tsopano injini, yomwe ili kumbuyo ndipo ilibe radiyeta. Masilinda anayi agona chammbali, awiri uku awiri uko, ndipo chowaziziritsa ndi mphepo ya fani ndi oyilo basi. Injini imene yakhala zaka osalira musaigwetsere batire nthawi yomweyo. Chotsani mapulagi, thirani kaoyilo pang'ono m'silinda iliyonse, muizungulitse ndi sipanala. Suzumirani m'nyumba ya fani ndi pakati pa zipsepse za masilinda, chifukwa makoswe amakonda kumangamo zisa, ndipo chisa chimodzi n'chokwanira kupsereza injini m'mphindi zochepa. Kenaka gwirani pule yam'munsi ndi manja awiri, muikokere kwa inu ndi kuikankhira mkati. Kusewera kwake kuyenera kukhala pakati pa 0.07 ndi 0.13 mm, kumene maso sangaone. Mukaona ikuyenda ndi kumva kugunda, ndiye kuti bokosi la injini ladyeka pomwe pamakhala beringi yaikulu, ndipo imeneyo ndi ntchito ya kwa okumba zitsulo ndi makina. Ndi bwino kudziwa zimenezi musanagule mapisitoni atsopano.

Pa miyeso yonse ya galimoto iyi, wofunika kuuloweza ndi 0.15 mm. Umenewu ndi mpata wa mavalavu pa injini za 1300, 1500 ndi 1600, ndipo umayezedwa injini itazizira, yogona usiku wonse. Chifukwa chake chili apa. Valavu yotulutsa utsi imakhala m'moto nthawi zonse, ndipo imataya kutentha kwake kochuluka ikakhala pampando wake n'kukhudza mutu wa silinda. Ikamakalamba imatalika pang'ono, mpando nawo umalowa mkati, mpata uja n'kutha. Mpata ukatha valavu sitsekanso bwino, moto umadutsa m'mphepete, imapsa, ndipo tsiku lina mutu wake umaduka n'kugwera pa pisitoni. Valavu yochita kaphokoso ka "tiki tiki" musaide. Yoopsa ndi yachete. Poyeza, tsegulani distributor, chipangizo chogawa moto ku mapulagi, zungulitsani injini mpaka rota italoza kamzere ka pamkombero ndipo chizindikiro cha pa pule chitafika pamsoko wa bokosi la injini. Pamenepo ndi silinda 1, yakumanja kutsogolo. Lowetsani feeler gauge, kachitsulo kopyapyala koyezera mpata. Iyenera kudutsa mokoka pang'ono, osati mokakamiza. Kenaka bwezani pule theka la kuzungulira, mosemphana ndi kayendedwe ka wotchi, muyeze silinda 2, thekanso 3, thekanso 4. Moto umayaka mwa dongosolo la 1-4-3-2, n'chifukwa chake kubwerera m'mbuyo kumakupatsani 1-2-3-4. Lembani zimene mwapeza m'kabuku. Valavu imene mukuipeza yothina ulendo uliwonse ikukuchenjezani kuti yatsala pang'ono.

Kawirikawiri imakhala ya silinda 3, yakumanzere kutsogolo. Pa injini zisanafike 1971 choziziritsa oyilo chinaima mkati mwa nyumba ya fani, kutsogolo kwa mphepo yopita ku silinda imeneyo, moti imalandira mphepo yofunda kale. Kuyambira 1971 anachisunthira kunja m'kachipinda kakekake. Koma kaya injini ndi ya chaka chiti, timalata tonse tozungulira injini tiyenera kukhalapo, pamodzi ndi raba yaikulu yotseka pakati pa injini ndi bodi. Anthu ambiri amatitaya poganiza kuti n'tokongoletsa chabe, kapena kuti injini yovula ipuma bwino. Zoona zake n'zosiyana: timalatati timakakamiza mphepo kudutsa m'zipsepse, ndipo raba imaletsa mpweya wotentha wapansi kubwereranso ku fani. Ngakhale tizivindikiro ta raba ta pa mawaya a mapulagi tili ndi ntchito yomweyo. M'nyengo ya October ku Chikwawa kapena ku Salima, kusowa kwa kamodzi mwa timalatati sikungabisike.

Lamba wa fani ndi yemweyo wa jenereta. Mukamudinikiza ndi chala pakati ayenera kulowa pafupifupi 15 mm, ndipo amamangidwa posuntha timawashala ta pakati pa magawo awiri a pule yapamwamba: mukachotsa kamodzi lamba amathina. Nyali yofiira ya jenereta ikayaka muli paulendo, imani pomwepo. Pa galimoto zina nyali imeneyi imangotanthauza batire, koma pa Beetle ingatanthauze kuti fani yaima.

Mpata wa points, tizitsulo totseguka ndi kutseka mkati mwa distributor, ndi 0.4 mm, ndipo muziyamba nawo musanakhudze taimingi, nthawi imene moto umayaka m'silinda, chifukwa kusintha mpatawo kumasunthanso taimingi. Digiri yoyenera imadalira distributor imene ilipo, choncho werengani nambala yodindidwa pa thupi lake m'malo motsatira chaka cha galimoto. Moto wofulumira kwambiri umapatsa injini mphamvu yonamiza kwinaku ukuwotcha mitu. Oyilo amalowa malita 2.5 okha, ndipo palibe fyuluta, pali kasefa kawaya pansi komangidwa ndi timanati sikisi. Sinthani oyilo pa makilomita 5,000 aliwonse, msanga kuposa apo ngati mumayenda m'fumbi, mutsuke kasefako, muikenso magasiketi atsopano. Timanatito timafuna 7 Nm basi (Nm ndi muyeso wa mphamvu yomangira nati). Dzanja lozolowera mabawuti a lole limatithyola.

Beetle zambiri zimene zinapsa zinayambira pa petulo. Kapaipi ka mkuwa kolowetsa petulo mu kabuleta kanangokhomeredwa, kalibe mazinga. Kakakalamba kamasolola, pampu n'kumwaza petulo pa distributor. Kagwedezeni, ngati kakusuntha kakonzedwe, ndipo paipi muimange ndi kilampu ndi kawaya kogwira ku kabuleta. Kafyuluta ka pulasitiki kolendewera pakati pa pampu ndi kabuleta kamawonjezera kulemera kokoka kapaipi kaja, choncho malo ake ndi kunja kwa chipinda cha injini, pansi pa thanki kapena pafupi ndi giyabokosi. Pamene paipi yachitsulo ikuboola lata lakutsogolo kwa injini payenera kukhala karaba, kupanda apo lata limaicheka pang'onopang'ono. Kuno kwathu palinso china: petulo wa ku Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wa ku nzimbe kuyambira 1982, ndipo ethanol amaumitsa ndi kung'amba raba yakale. Mapaipi onse a petulo asinthidwe ndi opirira ethanol, monga olembedwa SAE J30 R9, a kukula koyenera, pafupifupi 5.5 mm mkati. Batire nayo ikhale ndi chovindikira, chifukwa masipuling'i a mpando wakumbuyo amatha kukhudza mitu yake munthu wolemera akakhalapo. Bokosi la injini lili ndi magnesium, chitsulo chimene chikayaka madzi amangochikolezera, ndiye chozimitsira moto chizikhala pafupi ndi dalaivala, osati mu buti.

Mabuleki a galimoto yogona nthawi yaitali sakonzedwa mwachigamba. Mafuta a buleki amayamwa chinyezi, masilinda a m'mawilo amachita dzimbiri mkati, ndipo mapaipi anayi a raba amatupa mkati n'kumalola mafuta kupita koma osabwerera, buleki n'kumagwira yokha. Sinthani onse, ndipo potulutsa mpweya yambani ndi wilo lakutali kwambiri ndi master cylinder, silinda yaikulu yokankhidwa ndi pedulo ya buleki. Kuti mufike ku mabuleki akumbuyo pali nati ya 36 mm yomangidwa pafupifupi 300 Nm. Imasuleni galimoto ili pansi, ili m'giya, ndi chitsulo chachitali. Pa jeke mungaigwetse. Pomanga ifike muyeso womwewo ndi pini yatsopano. Ikatsala yolefuka, mano a dramu amadyeka ndipo tsiku lina injini idzalira galimoto osasuntha. Pansi pa galimoto musalowe itatsamira pa jeke yokha kapena pa njerwa.

Ku magetsi vuto limakhala la dothi ndi dzimbiri pa zolumikizira, makamaka pa galimoto za 6 volt, zomwe ndi zambiri mwa zopangidwa chisanafike 1967. Palani mitu ya mafyuzi, ndipo onani lamba wa ethi wochoka pa giyabokosi kupita ku chasisi. Akaduka, magetsi a sitata amafuna njira ina, n'kudutsa mu kebulo ya kilatchi mpaka kuipsereza.

Penti ikafika nthawi yake, chitsulo chopalidwa chilandire penti yoyamba ya epoxy primer tsiku lomwelo, chifukwa nthawi ya dzinja dzimbiri limabwerera usiku umodzi. Fila isapose mamilimita awiri kapena atatu. Pofuna yochuluka ndiye kuti chitsulo sichinawongoledwe mokwanira. Penti ya 2K, ija yosakaniza ndi choumitsa, ili ndi mankhwala owononga mapapo amene kansalu kapamphuno sikatchinga, choncho kupopera kwenikweniko ndi bwino kukachitira kwa amene ali ndi chipinda ndi zovala zake, inu mutagwira ntchito yonse yosalaza. Mu heater channel yatsopano ndi m'munsi mwa zitseko thiranimo phula loteteza dzimbiri penti itauma, ndipo mabowo otulutsa madzi asatsekeke.

Ulendo woyamba ukhale waufupi. Mukamva fungo la utsi mkati, tsekani hita, chifukwa mpweya wake umafunda pozungulira mapaipi a ekizozi, ndipo akaboola amalowetsa utsi wakupha. Mukayenda makilomita khumi imani, mugwire dramu iliyonse kuti mumve imene yatentha kuposa zinzake, musolole chitsulo choyezera oyilo: ngati simungathe kuchigwira ndi zala, injini ikutentha ndipo muyambirenso kuona timalata, lamba ndi taimingi. Injini yomangidwa kumene ikakwanitsa makilomita 500, tayani oyilo, muisiye igone, m'mawa mutengenso feeler gauge ya 0.15 mm.