Sabata yachisanu ndi chinayi: kope la amayi msungichuma lathetsa kusiyana kwathu

Papita masabata atatu ndisanalembe za pulogalamu yathu ya banki mkhonde, ndipo chifukwa chake n'chakuti nthawi yonseyi tinali kulimbana ndi vuto limodzi lomwe poyamba tinkaganiza kuti lachokera ku Git, chida chosungira ndi kuphatikizira ntchito ya anthu olemba pulogalamu limodzi, koma pofufuza tinapeza kuti linali m'mitu mwathu. Kwa inu amene mukuwerenga zolembazi koyamba, tilipo anayi, tonse tili m'chaka chachitatu cha maphunziro a sayansi ya makompyuta, ndipo ntchitoyi si yopezera malikisi ayi, tinangogwirizana pa tchuthi kuti tipange chinthu chimene anthu a kwathu angachigwiritse ntchito. Pulogalamuyi imasunga masheya a membala aliyense, ngongole zimene watenga, chiwongoladzanja chake ndi ndalama za thumba la zadzidzidzi, ndipo cholinga chachikulu n'chakuti idzathe kuwerengera zimene munthu aliyense ayenera kulandira pa tsiku logawana mu Disembala. Tikuilemba m'chinenero cha makompyuta cha Python pogwiritsa ntchito Django, chida chomangira mapulogalamu a pa intaneti, ndipo pakadali pano zonse zikusungidwa mu database (nkhokwe ya zolemba za pulogalamu) yotchedwa SQLite.

Ndiyambe ndi vuto laling'ono, lomwe linatidetsa nkhawa kwambiri ngakhale linatha msanga. Ine ndi mnzanga amene amasamalira database tinasintha tebulo la ngongole sabata imodzi, aliyense pa branch yake (nthambi yakeyake ya ntchito mu Git), ndipo aliyense anapanga migration, fayilo yofotokoza kusintha kwa tebulo, yokhala ndi nambala 0004. Titaphatikiza ntchito yathu, Django inakana kupitiriza n'kutiuza kuti pali ma migration awiri otsutsana. Tinakhala madzulo onse tikuopa kuti tawononga zonse, pamene mankhwala ake anali lamulo limodzi lokha, makemigrations --merge, popeza zimene tinasinthazo sizinkakhudzana. Kuyambira tsiku limenelo, amene akufuna kusintha tebulo amayamba walengeza pa gulu lathu la WhatsApp.

Vuto lenileni silinabwere ndi chenjezo lililonse. Pogawana ntchito, ine ndinatenga tsamba loonetsa mbiri ya membala mmodzi, ndipo mnzathu wina anatenga lipoti la gulu lonse limene limawerengedwa pamsonkhano. Tonse awiri tinkafunika kudziwa ngongole imene yatsala kwa munthu, choncho aliyense analemba function yakeyake (kachigawo ka pulogalamu kowerengera zimenezi) m'fayilo yakeyake, osamuuza mnzake. Git, imene Linus Torvalds anailemba mu 2005 kuti izithandiza anthu ambiri kugwirira limodzi ntchito ya Linux, imayerekeza mizere ya zolemba, ndipo imaima n'kufunsa pokhapokha ngati anthu awiri asintha malo amodzi. Ife tinalemba m'malo osiyana, motero inaphatikiza zonse bwinobwino popanda merge conflict, ndipo tinasangalala poganiza kuti tayamba kugwirizana.

Kusiyanaku kunaonekera pamene tinayesa ndi chitsanzo ichi. Munthu wakongola K50,000 pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi, kotero kuti pakutha pa mwezi ayenera kubweza K60,000, koma wangobweretsa K30,000. Tsamba langa linaonetsa kuti mwezi wotsatira adzabweza K36,000, chifukwa ndinatenga K30,000 yotsalayo ngati ngongole yatsopano n'kuikapo K6,000. Lipoti la mnzanga linaonetsa K40,000, chifukwa iye ankawerengera chiwongoladzanja pa K50,000 yoyamba ija mpaka ngongole yonse itatha. Pulogalamu imodzi inali kuuza munthu mmodzi nambala ziwiri zosiyana ndi K4,000, ndipo aliyense amene wakhalapo pamsonkhano wa banki mkhonde akudziwa kuti ndalama yotere ikhoza kusokoneza ubale wa anthu amene akhala akukhulupirirana kwa zaka zambiri.

Tinatsutsana masiku anayi, ndipo ndikayang'ana m'mbuyo ndikuona kuti palibe amene analakwitsa masamu. Mnzangayo ankatsatira mmene gulu la azakhali ake limachitira, ine ndinkatsatira zimene ndinaona kwa amayi anga, ndipo tonse tinkaganiza kuti njira imene tikuidziwa ndiyo ya magulu onse. Kasungidwe ka ndalama kameneka, kamene bungwe la CARE linakayambitsa ku Niger mu 1991 kasanafalikire m'mayiko ambiri kuphatikizapo kuno kwathu, kamapatsa gulu lililonse ufulu wopanga malamulo ake, monga mtengo wa sheya, kukula kwa chiwongoladzanja ndi chindapusa cha wochedwa. Ife tinayamba kulemba code tisanakhale pansi n'kufunsana kuti mawu akuti ngongole yotsala akutanthauza chiyani. M'kalasi timaphunzira za kusonkhanitsa zofuna za eni pulogalamu tisanayambe kumanga, koma phunzirolo ndinkaliona ngati lopepuka poyerekeza ndi la ma algorithm, ndipo tsopano maganizo amenewo ndawasiya.

Loweruka lapitalo ndinapita kumudzi, ndipo amayi anandiperekeza kwa amayi msungichuma a gulu lawo, amene anandilola kuona kope la chaka chatha nditalonjeza kuti sindilemba dzina la munthu aliyense. Nditawafotokozera za nambala ziwiri zija, anatsegula tsamba lina n'kuloza ndi chala, amvekere: "Mwanawe, ife zotsalazo timazilemba mwezi winawo ngati munthu wakongolanso, ndiye timawerengera pamenepo basi. Koma gulu la kutsidya kwa mtsinje satero, iwo amawerengera pa ndalama yoyamba." Ndinawafunsa kuti: "Nanga amayi, munthu akabweretsa ndalama yosakwana ngakhale chiwongoladzanja chokha, mumatani?" Anandiyankha kuti amamulembera chindapusa padera, ndipo chindapusacho sichibereka chiwongoladzanja. Mfundo imeneyi panalibe ndi mmodzi yemwe mwa ife anayi amene anaiganizira.

Nditabwerera tinachita zinthu zimene ndikuziona kuti ndizo zaphindu koposa zonse chiyambireni ntchitoyi. Ma function awiri aja tinawachotsa n'kulemba imodzi yokha imene masamba onse amaifunsa, ndipo njira yowerengera chiwongoladzanja tinaisandutsa chinthu chimene gulu limasankha polembetsa. Kenaka tinatenga ngongole khumi ndi ziwiri za m'kope muja, tinachotsa mayina n'kuika manambala, ndipo iliyonse tinailemba ngati test yofunsa kuti pulogalamu ikupereka yankho lofanana ndi limene amayi msungichuma anapeza ndi cholembera chawo kapena ayi. Ulendo woyamba zinayi zinalephera: zitatu chifukwa cha chindapusa chija, ndipo imodzi chifukwa cha nkhani ina imene ndikufuna ndiifotokoze bwino.

Tinali tikusunga ndalama ngati float, mtundu wa nambala zokhala ndi desimali, ndipo kompyuta siitha kusunga nambala zina za desimali ndendende popeza imawerenga mu binary. Mukatsegula Python n'kulemba 0.1 + 0.2, yankho limabwera 0.30000000000000004. Kachidutswa kameneka kamaoneka kopanda ntchito, koma test yofuna kuti nambala ziwiri zifanane imalephera, ndipo pogawa thumba lonse ndi chiwerengero cha masheya, zimene anthu alandira zikaphatikizidwa sizibwerera ndendende pa ndalama imene inali m'bokosi. Tinakambirana ngati tigwiritse ntchito Decimal, mtundu wa nambala umene umasunga desimali ndendende, kapena tizisunga zonse m'matambala ngati nambala zathunthu, K1 kukhala 100. Ine ndinkakonda Decimal chifukwa Django ili kale ndi DecimalField, koma anzanga awiri anaumirira matambala ponena kuti pulogalamuyi ikadzasamukira pa foni ya Android sipadzakhala chosokoneza, ndipo ndinavomera chifukwa mfundo yawo inali yomveka. Ndalama zotsala pogawana, zimene sizingagawike mofanana, pulogalamu tsopano imazionetsa poyera kuti gulu lisankhe lokha chochita nazo.

Tasinthanso kagwiridwe kathu ka ntchito, ndipo chitsanzo tinachitenga ku bokosi la gulu lomwelo, limene limakhala ndi maloko atatu ndipo makiyi ake amasungidwa ndi anthu atatu osiyana, kuti pasakhale wolitsegula yekha. Pa GitHub, malo a pa intaneti pamene timasunga ntchito yathu, tatseka branch yathu yaikulu kotero kuti palibe angaikemo kanthu mwachindunji. Aliyense amatumiza pull request, pempho loti zimene wasintha ziphatikizidwe, ndipo mnzake mmodzi ayenera kuwerenga ndi kuvomereza. Repository yathu, nkhokwe ya code yathu pa GitHub, ndi yachinsinsi, choncho zimenezi zinatheka chifukwa mmodzi wa ife ali ndi GitHub Pro kudzera mu Student Developer Pack. Njirayi yachedwetsa ntchito, makamaka magetsi akazima kapena wina bandulo ikamuthera, moti pull request yanga ya chindapusa inadikira masiku awiri. Komabe mnzanga amene anaiwerenga anapeza kuti ndinaiwala munthu wobweza ndalama yoposa ngongole yake, ndipo chimenecho ndekha sindikanachiona.

Pali chinthu chimodzi chimene sichinathe bwino ndipo chikundivutitsa mumtima. Mnzathu wachinayi, amene amapanga maonekedwe a masamba, anakhala chete nthawi yonse ya mtsutso uja, ndipo nditacheza naye patokha anandiuza kuti anaona kusiyana kwa nambalazo sabata imodzi ife tisanakuone, koma anaganiza kuti ife odziwa Python tili ndi chifukwa chake. Tagwirizana kuti pa msonkhano wathu wa Lachitatu iye aziyamba kulankhula, azitsegula pulogalamu ngati mlembi wa gulu n'kunena chilichonse chimene sichikumveka, tisanayambe kukamba za code.

Pamene ndikulemba pano ma test onse khumi ndi awiri akudutsa, ndipo gawo la masheya ndi la ngongole latha. Ganizo loti pulogalamuyi izigwira ntchito kudzera pa USSD (manambala oimba pa foni oyamba ndi * n'kutha ndi #) talisiya kaye, popeza limafuna mgwirizano ndi makampani a mafoni, zomwe ophunzira anayi sitingakwanitse panopa. Chatsala ndi tsamba la tsiku logawana, kumasulira mawu onse a pa sikirini m'Chichewa, ndi funso lalikulu la mmene pulogalamu ingagwirire ntchito pamalo pamene gulu limakumana, pomwe netiweki imangopezeka munthu akakwera pachulu. Amayi msungichuma avomera kuti pa msonkhano wa mwezi wa mawa ndidzakhale pambali ndi laputopu, ndizilowetsa zimene iwo akulemba m'kope, kenaka tidzayerekeze nambala zathu msonkhano ukatha.