Kafumbata amadula puloteni imodzi yokha, thupi lonse n'kuuma

Kuti timvetse zimene kafumbata amachita, tiyambe ndi mmene mitsempha imatumizirana uthenga. Maselo ambiri a mitsempha sakhudzana. Pakati pa selo lotumiza uthenga ndi lolandira pali kampata ka mananomita 20 mpaka 40 (milimita imodzi ili ndi mananomita miliyoni), ndipo chimene chimaoloka pamenepo ndi makemikolo osungidwa m'timatumba kunsonga kwa selo lotumizalo.

Kuti kathumba katseguke, pamafunika mapuloteni atatu otchedwa SNARE. Synaptobrevin imakhala pa kathumbako, pomwe syntaxin ndi SNAP-25 zili pa khungu la selo. SNAP-25 imapereka nthambo ziwiri, zinazo imodziimodzi, ndipo nthambo zinayizo zimapotana ngati chingwe cha chilimira, n'kukokera kathumba pafupi ndi khungulo. Zikatero zimadikira. Mphamvu ya magetsi ikafika kunsonga, timipata timatseguka, kashiamu n'kulowa kukagwira puloteni ina ya pa kathumbako yotchedwa synaptotagmin. Imeneyi ndiyo imamalizitsa ntchito: kathumba kamaphatikana ndi khungu n'kukhuthula zam'kati, pasanathe milisekondi imodzi. Kenako puloteni yotchedwa NSF imamasula nthambozo pogwiritsa ntchito ATP, kemikolo yopereka mphamvu m'selo, kuti zidzagwirenso ntchito. Thomas Südhof, James Rothman ndi Randy Schekman analandira mphoto ya Nobel mu 2013 chifukwa cha kafukufuku wa timatumbati.

Kuno ku Mangochi zimenezi n'zapafupi. Msodzi akabaidwa ndi mbedza kapena msomali pa gombe la Makawa, bala lakuya lodetsedwa ndi dothi ndilo malo a Clostridium tetani, kachilombo koyambitsa kafumbata. Dzimbiri ambiri amalinamizira. Vuto ndi dothi ndi ndowe. Poizoni wa kachilomboka amakwera mumtsempha mpaka kumsana, n'kulowa m'maselo amene ntchito yake ndi kuuza minofu kuti ipumule, aja otulutsa makemikolo otchedwa glycine ndi GABA. Mmenemo amadula synaptobrevin. Timatumba tilipo, kashiamu akulowa, koma palibe chokoka. Uthenga woti minofu ipumule sutuluka, choncho minofu imangokungika: nsagwada zimayamba kuuma, kenako khosi ndi msana, kawirikawiri pakati pa masiku 3 ndi 21 chivulalireni.

Poizoni wa botulinum, wochokera ku kachilombo kena ka mtundu wa Clostridium, amadulanso mapuloteni omwewa, koma polumikizana mtsempha ndi mnofu, choncho wodwala amalefuka m'malo mouma.

Jakisoni wa antitoxin, mankhwala olimbana ndi poizoni wa kafumbata, amangogwira poizoni amene sanalowe m'maselo. Wolowa kale safikirika, n'chifukwa chake kuchira kumatenga milungu ngakhale bala litapola. Ndipo wochira kafumbata sakhala ndi chitetezo, chifukwa poizoni wodwalitsayo amakhala wochepa kwambiri moti thupi silimuphunzira. Ameneyonso abaidwe katemera asanatuluke m'chipatala.