Zikomo Amayi Loya, ndalama zathu za mtedza zalowa

Ndalama zalowa abale anga. Lero masana tagawana, mayi aliyense wa m'gulu lathu la ku Kamwendo watenga yake molingana ndi matumba amene anapereka. Mulungu alemekezeke. Ndikulemba usiku uno thupi lili lefu, koma tulo sitibwera ndisanathokoze.

Nkhaniyi mukuidziwa kale. Mtedza wathu unawoloka malire kupita ku Zambia, wogula anaulandira bwinobwino, kenako n'kutembenuka kuti uli ndi chuku ndipo ndalama yotsala sapereka. Foni osayankha. Kuno ngongole za banki mkhonde zikubereka, ana akubwezedwa kusukulu, ndipo ine monga wapampando maso onse anali pa ine.

Amene watipukuta misozi ndi Amayi Loya. Dzina andiletsa kulemba, koma a kuno ku Mchinji mukuwadziwa. Anapuma pa ntchito n'kubwerera kumudzi, atathera moyo wawo wonse pa malamulo a malonda a pakati pa mayiko. Misonkhano yawo inali ya ku Lusaka ku likulu la COMESA (bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa), ku Gaborone ku SADC (bungwe la chitukuko la mayiko a kum'mwera kwa Africa), mpaka ku Geneva ku WTO (bungwe la zamalonda la dziko lonse lapansi). Munthu wotereyu anakhala pamkeka pakhonde panga, n'kuvala magalasi, n'kumawerenga pangano lathu lolembedwa pa tsamba long'amba m'kope, chala chikutsata mzere ndi mzere. Sanatiseke ngakhale pang'ono. Atamaliza anandifunsa kuti, "Mayi, mtedzawo anauyeza ndani? Anauyeza poulandira, kapena utagona kale m'nyumba yake yosungiramo katundu? Nanga pepala la zotsatira zake wakuonetsani?" Pepala kunalibe. Iwo anatifotokozera kuti chuku chimatha kugwira mtedza wabwino ngati wasungidwa pachinyezi, choncho munthu amene wasainira kuti walandira katundu ali bwino sangadzuke patapita nthawi n'kukana kulipira popanda umboni. Kapepala kamene anasainako kanali ndi adalaivala a lole, kopindapinda, kothimbirira ndi oyilo. Amayi atakatambasula pabondo anangoti, "Mlandu wathu wagona apa."

Analemba kalata imene ine poiwerenga ndinachita nayo mantha, ngakhale inali yotiyimira ife. Popeza loya wa kuno sangangoimirira m'khoti la dziko lina, anaimbira mnzawo wakale wa ku Zambia kuti atithandize mbali ya kumeneko. Kukhoti sitinafikeko. Wogula uja atangoona kuti amayi akumudziwa ali ndi wowayankhulira, foni yake inayambanso kugwira.

Amayi sanatilipiritse olo tambala. Chidebe cha mtedza wosenda chimene tinawapititsira tinachita kuwakakamiza.

Koma chimene chandikhudza kuposa ndalama ndi masana aja ankatikhazika pansi n'kumatiphunzitsa. Ine ndinabadwira pafupi ndi boda, koma sindinkadziwa kuti COMESA inakhazikitsidwa ku Lilongwe konkuno m'chaka cha 1994, kapena kuti kuyambira 2000 Malawi ndi Zambia ali m'gulu la mayiko amene anachotserana msonkho wolowetsera katundu wopangidwa kapena kulimidwa m'mayikowa. Anatiuzanso za ndondomeko ya amalonda ang'onoang'ono imene pa boda amaitchula kuti STR: katundu wako akakhala wosapitirira madola 2,000 a ku America, ndipo ali pa mndandanda umene mayiko awiriwa anagwirizana, umadzaza fomu yachidule yosonyeza kumene katunduyo wachokera, osafunikira ejenti. Ndipo chitsegulireni boda yatsopano ya Mchinji ndi Mwami mu 2022, zonse umathera pamalo amodzi. Zimandiwawa kuti zinthu zimenezi zinasainidwa kalekale, koma amayi anzathu mpaka lero akudutsabe njira za m'tchire usiku ndi akabaza, kulandidwa katundu, ena kuchitidwa zosayenera kutchula pano, chifukwa palibe anabwera kudzawauza. Amayi Loya amanena mobwerezabwereza kuti mapanganowo sanalembere eni mathiraki akuluakulu okha. Ine ndikuti anthu ophunzira ngati iwowa akamapuma pa ntchito azibwerera kwawo, tikuwafuna kuno.

Abambo a kunyumba, zikomo. Munagulitsa mbuzi zanu kuti ndipeze thiransipoti, ndipo simunandinenepo mawu opweteka. Abusa ndi amayi a Chigwirizano, mapemphero anu a m'mamawa Mulungu wawamva. Adalaivala, mukanataya kapepala kaja bwenzi lero tikulira. Msungichuma wathu, achemwali anga, munaima nane pamene ena ankathawa.

Inu amene munkanong'onezana kuchigayo kuti wapampando wadya ndalama za anzake, ndipo mukandiona pamsika munkayang'ana kumbali, kope la gulu lili kwa msungichuma, bwerani mudzawerenge nokha. Sindikusungirani mangawa, koma ndakudziwani.

Ndibwererenso kwa Amayi. Tsiku limene wogula anatumiza theka la ndalama, ambiri tinkafuna kungovomera, tinali titatopa. Iwo anakana, miyendo itatupa choncho, akuyenda ndi ndodo, anati dikirani, thukuta lanu si la theka. Ambuye, agwireni miyendo imeneyo, muwapatse masiku ambiri, muwadalitse iwo ndi ana awo.

Loweruka likudzali avomera kudzakhalanso nafe kutchalitchi kwathu m'mawa, kudzatiphunzitsa kalembedwe ka pangano tisanapereke katundu pangongole. Amayi a ku Mkanda, Kapiri ndi Waliranji amene munandifunsa ku inbox, bwerani, khomo ndi lotsegula. Aliyense atenge kope ndi cholembera.