Mphindi 15 pampando wa masaji

Imelo inabwera Lolemba, sabata yomaliza ya February. Amene munagwirako ntchito yowerengera ndalama kuno ku Joni mukudziwa kuti chaka cha misonkho chimatha mwezi umenewu, ndipo muofesi simukhala kupatsana moni. Khosi langa linali litauma gwa ngati chikuni. Munthu akandiitana kumbuyo, ndinkatembenuka thupi lonse ngati lole yokhota pa Zalewa.

Imeloyo inati Lachinayi kubwera anthu odzatisisita muofesi momwemo, aliyense mphindi 15, kampani yalipira kale. Ine nditangoona kuti ndi zaulere, zam'munsizo sindinavutike nazo kuwerenga.

Kusisita kumene ndinkakudziwa ndi kwa agogo anga ku Ntcheu. Umavula malaya, kugona chafufumimba pamphasa, iwo n'kukuthowa ndi kansalu koviika m'madzi otentha, pomaliza mafuta a nsatsi. Ndiye ndinakonzekera moteromo. Lachitatu poweruka ndinadzera mu Small Street kukagula vesiti ndi kabudula wamkati, poti zakalezo zinali zitatsegula mawindo. M'mawa mwake ndinasamba kawiri, kudzikhula mpaka kumsana kumene dzanja silifika. Mayi akunyumba anangondiyang'ana cham'mbali.

"Kodi abambo, kuntchito kwake n'komwe kuja?"

"N'komweko mayi. Kukubwera alendo."

Nthawi yanga inali 11:45. M'chipinda chamisonkhano matebulo anali atawakankhira kukhoma, kawailesi kakuliza phokoso la madzi oyenda. Pakatikati panali chinthu chonga njinga yopanda matayala: pokhalira, pogwadira, potsamiritsa chifuwa, ndipo pamwamba pake kakhushoni kozungulira kabowo pakati, ngati donasi. Pambali pake panaima mayi wina wa Chizulu, wamfupi, timanja take tating'ono. Mumtima ndinati awa angondigirigisha basi.

Ndinawapatsa moni, n'kumasula tayi. Mabatani onse. Malaya pampando. Dzanja litangofika palamba, mayiwo anakuwa, "Hayi, baba!"

Kodi masaji apampando savula! Sapaka ngakhale mafuta. Zonsezi zinali mu imelo muja, ndime yachiwiri. Tsono chipindacho makoma ake ndi agalasi, ndiye atsikana olandira alendo anaionera bwinobwino vesiti yanga, kapepala ka mtengo kakulendewera kumbuyo kwa khosi.

Nditavala, ndinakhala pampandopo ngati kometa tsitsi, kuyang'ana kudenga, nkhongo padonasi paja. Mayiwo, akudziletsa kuseka, ananditembenuza ngati mwana wa ku sikelo. Umakhala chogwada, chifuwa kutsamira kutsogolo, manja pakashelefu, nkhope n'kuilowetsa m'bowo muja, kumangoona kapeti.

Anandifunsa ngati ndili ndi BP kapena ndinavulalapo msana, kenako anafunsa kuti adine mwamphamvu bwanji. Apa m'pamene ndinadziputira. Manyazi a vesiti aja ndinafuna kuwabweza, ndiye ndinati, "Sisi, ine ndinakula ndikusenza matumba a chimanga a makilogalamu 50. Dinani ndi mphamvu zanu zonse."

Anayamba bwino, ndi zikhatho, kutsika msana mbali zonse ziwiri. Kenako chala chachikulu chinayenda pakati pa khosi ndi phewa lamanja, n'kuima. Anati apa pali mfundo, mnofu unakungika chifukwa chogwira mausi tsiku lonse komanso kupana foni pakati pa khutu ndi phewa. Anachotsa chala. Anaikapo chigongono.

"Mayo ine! Ndafa ine amayi!"

Chichewa chenicheni chakumudzi, chimene sichinamvekepo mu Sandton. Pali mnyamata wina wokonza makompyuta amene kwa zaka ziwiri takhala tikuyankhulana Chingerezi chokhachokha, aliyense kudziyesa mwini dziko. Ameneyo ndi amene anasuzumira pakhomo n'kunena kuti, "Achimwene, zakuvutani?" Wa ku Zomba. Tinadziwana ine mutu uli m'bowo.

Koma chilungamo ndinene. Mayiwo anandiuza kuti ndikoke mpweya wambiri ndi kuutulutsa pang'onopang'ono, iwo osachotsa chigongonocho. Ululu uja unayamba kusungunuka ngati shuga mu tiyi. Mapewa amene anakhala akundipsompsona makutu chiyambire January anatsika okha. Nsagwada, zimene sindinkadziwa n'komwe kuti ndimaziluma, zinamasuka. Mtima unaleka kuthamanga, kamutu kamene kankandigogoda kunkhongo masana aliwonse kanatha zii. Anakanda mikono, kukoka zala chimodzichimodzi, n'kubwerera kukhosi. Manambala onse a mwezi uja anachoka m'mutu. Madzi a pawailesi aja ndinayamba kuwamva ngati mtsinje wakwathu nthawi yadzinja, ine ndili pamwala kudikira ng'ombe zimwe.

Zotsatirazi ndinachita kuuzidwa. Akuti sikunali kusinza wamba. Mkonono wake unkamveka mpaka kukhitchini, wina n'kufunsa ngati magetsi azima poti jenereta yalira. Akuti mayiwo anandigwedeza katatu, ine n'kuyankha kuti, "Onjezerani ndiwo."

Chimene ndinadzionera ndekha ndi ichi. Nditatsegula maso, kudzera m'bowo muja ndinaona nsapato ziwiri zakuda, zopolishidwa mpaka kuwala. Pakati pa ine ndi nsapatozo panali kachingwe kowala, kakutsika pang'onopang'ono kuchokera pakamwa panga. Dovu. Linatera pamphuno penipeni pa nsapato yakumanzere. Nsapatozo ndinkazidziwa. Wa 12:00 anali bwana wamkulu, ndipo anali ataima pamenepo kwa kanthawi, manja kumbuyo, kudikira mpando.

Ndinadzuka, n'kuwathokoza iwowo m'malo mothokoza mayi aja. Msonkhano wa 12:30 ndinaulowa ndili ndi bwalo lofiirira kuzungulira nkhope yonse, kuyambira pachipumi mpaka kuchibwano, ngati wandidinda ndi chivundikiro cha mphika. Palibe ananena kanthu, koma palibenso anandiyang'ana kawiri.

Madzulo ake ndinafufuza kuti ndimudziwe mdani wanga. Ndi David Palmer wa ku America, amene m'zaka za m'ma 1980 ankasisita ogwira ntchito ku kampani ya Apple, mpando wakewo n'kutuluka mu 1986. Nzeru anali nazo bambo ameneyu, sindikukana. Koma pansi pa bowo lija akanaikapo kambale.

Kunyumba ndinafika ndikuimba mluzu. Mayi atandiitana kuchokera kukhitchini, ndinacheuka ndi khosi lokha.

"Alendo aja akutani kuti mubwere mukuimba?"

"Andisisita, mayi."

"Ndani?"

"Mayi wina wake. Kuntchito konkuja."

"Mutavala?"

"Nditavala, ndithu."

"Nanga vesiti yatsopano inali yachiyani?"

Usiku umenewo ndinagona pasofa, ndipo pofika m'mawa khosi linali litaumanso gwa. Dzina langa lili kale pamndandanda wa March, 11:45.