Tinatsata Jim Reeves ku Nashville, tinakapeza chaka cha 1952

Ganizo la ulendowu linabadwira pa chikondwerero cha 6 July kuno ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America. Chakudya chitatha, mnyamata woika nyimbo anasintha n'kuika Don Williams, ndipo akuluakulu onse amene anali atakhala phee m'mipando anayamba kuyimba nawo, mawu onse ali pamtima. Mayi wina wa ku Ntcheu ndiye anafunsa kuti: "Kodi abale, zaka zonsezi tili m'dziko la eni ake nyimbozi, bwanji sitinakaoneko kumene zimaphikidwa?" Tinayamba kusonkha mwezi womwewo.

Tinanyamuka Lachisanu mbandakucha, anthu 11 m'galimoto imodzi yobwereka, kamba wathu ali mpunga, nkhuku yokazinga ndi mandasi odzaza ndowa. Tinadutsa Indianapolis, n'kuwoloka mtsinje wa Ohio pa Louisville, ndipo tili mkati mwa Kentucky mafoni athu anabwerera m'mbuyo ndi ola limodzi. Pa maola ngati 7 tinali titalowa mu Nashville, m'chigawo cha Tennessee, kuchimake kwa nyimbo za country.

Ndinene poyera kuti ambirife tinkatsata oyimba amene tinakula tikuwamva pa MBC: Jim Reeves, Don Williams, Kenny Rogers ndi Dolly Parton. Amene anatitembenuza mitu ndi bambo wina wachikulire wa m'gulu lathu, amene tonse timangowatcha Aphunzitsi chifukwa anagwira choko zaka zambiri asanabwere kuno. Loweruka m'mawa, ku Country Music Hall of Fame, m'chipinda chozungulira momwe anakhomamo nkhope za oyimba olemekezeka, iwo anatidutsitsa onse amene tinkawafuna n'kutiimika pa nkhope ziwiri: Hank Williams, mmodzi mwa atatu oyamba kulowetsedwamo mu 1961, ndi Kitty Wells, amene analowa mu 1976.

"Ana inu," anatero, "mukafuna kumvetsa nyimbozi, gwirani chaka chimodzi chokha, 1952. Nthawi imeneyo Dolly wanuyo anali kamwana ka zaka 6, Don Williams ali ndi 13."

Kuchoka apo tinayenda wapansi kupita ku Ryman Auditorium. Munthu ukangolowa umatsitsa mawu osauzidwa, pakuti nyumbayi inamangidwa ngati kachisi. Anaimangitsa ndi Thomas Ryman, mwini sitima za pamtsinje, atatembenuka mtima pa msonkhano wa chitsitsimutso, ndipo inatsegulidwa mu 1892. Mabenchi ake ndi a tchalitchi mpaka lero, athabwa, opindika mozungulira nsanja. Ndinakhala pa limodzi n'kusisita pomwe manja a anthu anapasalalitsa. Kuyambira 1943 mpaka 1974, pulogalamu ya Grand Ole Opry inkaulutsidwa kuchokera muno Loweruka lililonse usiku pa wayilesi ya WSM, yamphamvu ya mawati 50,000, yomveka m'zigawo zambiri za America. Mabanja a alimi ankazungulira wayilesi monga tinkachitira ife kumudzi, mabatire atawaotcha padzuwa masana. Nkhondo yachiwiri itatha, ambiri mwa alimiwo anasamukira m'matauni kukagwira ntchito m'mafakitale, ndipo madzulo ankakathera m'mabala momwe munali jukebox, makina oyimba zimbale munthu akaponyamo kobidi. Nyimbo za m'mabalamo, zomwe ankazitcha honky tonk, zinkanena za mowa, kusungulumwa ndi maukwati osweka.

Apa ndi pomwe Aphunzitsi anayala nkhani ya Kitty Wells, ndipo ndi nkhani imene inanditsatira mpaka kunyumba.

Kumayambiriro kwa 1952, Hank Thompson anatulutsa nyimbo ya The Wild Side of Life, imene inakhala pa nambala wani masabata 15. M'nyimbomo mwamuna akudandaula kuti mkazi wake wamuthawa n'kukalowerera m'mabala, mlandu wonse uli pa mkaziyo. Munthu wina wa ku Louisiana, J. D. Miller, analemba yankho lake pa chuni chomwecho, lonena kuti akazi ambiri abwino amasokera chifukwa cha amuna apabanja amene amakhala ngati mbeta kunjaku. Kitty Wells anali mayi wa ana atatu, wa zaka 32, atatsala pang'ono kusiya zoyimba chifukwa zimbale zake zoyamba sizinayende malonda. Anavomera kujambula nyimboyo pa 3 May 1952 pofuna madola 125 amene woyimba ankalandira pa tsiku lojambula. It Wasn't God Who Made Honky Tonk Angels inakwera mpaka pamwamba n'kukhalapo masabata 6, koyamba kuti mkazi woyimba payekha afike pa nambala wani pa mndandanda wa nyimbo za country wa magazini ya Billboard. Wayilesi ya NBC inakana kuiulutsa, ndipo poyamba ngakhale a Opry sanafune kuti iyimbidwe pa nsanja yomwe tinkaiyang'anayo. Anthu anaigulabe.

Madzulo ake m'galimoto tinaziika nyimbo ziwirizo motsatizana, ndipo mkangano unabuka.

"Koma alamu," anatero bambo wina kwa mayi wa ku Ntcheu uja, "mkazi uja anachoka yekha pakhomo, palibe anamuthamangitsa."

"Achimwene, mwamva mbali imodzi," anayankha mayiwo. "Kumabalako amakacheza ndi ndani? Si amuna a eni ake? Kwa ankhoswa timamva onse awiri."

Ine ndili kumbali ya mayiwo, ndipo sindibisa. Chomwe chinandikhudza n'chakuti Kitty Wells sanali munthu wa m'mabala ayi. Ankavala madiresi aatali ngati mayi wa Mvano, ndipo anakhala pabanja ndi mwamuna wake Johnnie Wright zaka zoposa 70. Mawu ake m'nyimbomo ndi osakuwa, osanyoza, ngati mayi amene wadikira kuti onse amalize kulankhula pabwalo kenako n'kunena zake modekha. Asanayimbe iye, makampani ojambula ankakhulupirira kuti mkazi sangagulitse zimbale. Patsy Cline, Loretta Lynn ndi Dolly anadzera pa khomo limene iye anatsegula. Aphunzitsi anawonjeza kuti chuni cha nyimbo ziwirizi n'chakale kuposa onsewo, ndipo Roy Acuff anali atachiyimbapo kale m'nyimbo yauzimu ya The Great Speckled Bird. Tchalitchi ndi bala zinkabwerekana chuni chimodzi.

Nyimbo ya Kitty inajambulidwa mu situdiyo ya Castle, imene inali m'kati mwa hotela ya Tulane, ndipo hotelayo inagwetsedwa kalekale. Mu situdiyo yomweyo, chaka chomwecho, Hank Williams anajambula nyimbo zake zomaliza. Mwezi wa June anajambula Jambalaya, imene inakhala pamwamba masabata 14. Koma moyo wake unali ukuphwasuka. Msana unkamuwawa kuyambira ubwana, opaleshoni ya mu December 1951 sinamuthandize, ndipo ululuwo ankauziziritsa ndi mowa ndi mankhwala amphamvu. Ukwati wake ndi Audrey unatha. Mu August a Opry anamuchotsa chifukwa cha kuledzera ndi kujomba. Pa 23 September analowanso mu situdiyo n'kujambula nyimbo zinayi tsiku limodzi, zitatu mwa izo n'kudzafika pa nambala wani iye atamwalira: Your Cheatin' Heart, Kaw-Liga ndi Take These Chains from My Heart. Mu October anakwatira Billie Jean Jones.

Atachotsedwa ku Nashville anabwerera ku pulogalamu ya Louisiana Hayride pa wayilesi ya KWKH ku Shreveport. Pa wayilesi imeneyo, chakumapeto kwa chaka chomwecho, panafika muulutsi wina wa ku Texas wofunitsitsa kuyimba. Anali Jim Reeves, amene chaka chotsatira anatchuka ndi Mexican Joe. Aphunzitsi atanena zimenezi, m'galimoto munamveka "Eee!" wa anthu onse. Munthu amene tinamutsata uja tinamupeza ataima kumapeto kwa nkhaniyi.

Chinanso chimene chinatidabwitsa ndi gitala yolira ngati munthu imene imamveka m'nyimbo za Hank, yoyimbidwa ndi Don Helms. Bambo wina wa ku Chileka anatchera khutu n'kunena kuti: "Iyi ndi hauyani iyi!" Anafotokoza kuti ali mwana ankaona akuluakulu akugoneka gitala pamiyendo n'kumatsetsereka ndi botolo pa nsambo zake. Kayimbidwe kameneka kanachokera ku Hawaii, n'chifukwa chake dzinalo, ndipo kanafika ku Tennessee ndi kwathu komwe.

Lamulungu tinalawirira ulendo wa maola 4 kupita ku Montgomery, m'chigawo cha Alabama. Kumeneko, m'nyumba yosungiramo zinthu za Hank Williams, muli galimoto yake ya Cadillac ya 1952, yobiriwira ngati thambo. Ndinayang'ana mpando wakumbuyo nthawi yaitali. Pa 31 December 1952 kunali chipale chofewa, ndege sizinkayenda bwino, ndipo mnyamata wa pakoleji ndiye ankamuyendetsa kupita ku Canton, Ohio, komwe ankayenera kukayimba pa tsiku la chaka chatsopano. Ku Knoxville dokotala anamubaya jakisoni, ulendo n'kupitirira usiku. Kutacha pa 1 January 1953, ku Oak Hill m'chigawo cha West Virginia, anapezeka atauma pa mpando umenewo. Anali ndi zaka 29 zokha. Mayi wina wa m'gulu lathu, amene mwana wake woyamba ali ndi zaka zomwezo, anatuluka panja osalankhula. Nyimbo imene inali pa msika masiku amenewo inali I'll Never Get Out of This World Alive, ndipo inafika pa nambala wani maliro atachitika.

Manda a Hank ku Oakwood ndi osamalika, a mwala wa mabo, chipewa chosema chili pamwamba, Audrey atagona pambali pake. Sitinakhalitsepo. Aphunzitsi anali ndi malo ena amene ankafuna tifike dzuwa lisanalowe.

Anatitengera ku manda a Lincoln, komwe kunkaikidwa anthu akuda pa nthawi ya tsankho, mumzinda womwewu momwe Rosa Parks anakana kupereka mpando wa m'basi mu 1955. Kumeneko kunagona Rufus Payne, amene anthu ankamutcha Tee Tot, munthu wakuda woyimba m'misewu ya Georgiana ndi Greenville. Ndiye anaphunzitsa Hank gitala ali kamnyamata, malipiro ake ali timakobidi kapena mbale ya chakudya, ndipo Hank mwiniwake ankanena kuti maphunziro onse a nyimbo amene anali nawo anawapeza kwa iyeyu. Payne anamwalira mu 1939 ali wosauka, wophunzira wake asanamveke pa wayilesi zazikulu. Anaikidwa popanda chizindikiro, moti chipilala chomukumbukira chinangoimikidwa m'mandamo patapita zaka zambiri.

Abambo anavula zipewa. Amayi awiri anagwada n'kuyamba kuzula tiudzu tomwe tinamera m'mphepete mwa chipilalacho ndi manja, monga timachitira tikapita kukaona manda a kwathu. Aphunzitsi anapemphera mwachidule m'Chichewa, n'kutchula dzina la Payne kawiri.

Tinagona ku Montgomery komweko, ndipo Lolemba tinayenda maola oposa 10 kubwerera ku South Bend, madalaivala atatu akulandizana. Pa ndalama zomwe tinasonkha panatsala zochepa, ndipo gulu linagwirizana kuti zigulire Aphunzitsi chimbale cha Kitty Wells, chifukwa galamafoni yawo ikadali yamoyo.