Loweruka la kebulo ya klatchi

Galimoto ya amalume, Volkswagen Beetle ya 1972 ija, yandidyera tsiku lonse lero. Kwa nthawi ndithu giya yakhala ikulowa mokakamiza, makamaka rivesi, imene imalira kuti khrrr mpaka aneba kusuzumira pa mpanda. Pedulo ya klatchi imayamba yatsika kwambiri isanagwire ntchito. Ndikamanga nati ya mapiko ya kumbuyo, imene imakunga kebulo ya klatchi, zimakhalako bwino, koma pakapita masiku ochepa vuto labwereranso.

Mnyamata wina wa pa galaja ya kwathu kuno ku Zingwangwa anangomva phokosolo n'kugamuliratu: "Bwana, apa puleti ya klatchi yatha, titsitse injini." Mtengo umene anatchula unandiumitsa pakamwa. Ndinaiyendetsa pang'onopang'ono kudutsa ku Chichiri, kulowa msewu wa Makata mpaka ku Ndirande, kwa madala ena amene akhala akukonza ma Volkswagen kuyambira kale.

Madalawo sanagwire n'komwe sipanala. Anakhala pa mpando, kuponda pedulo, kenako kuikankha ndi dzanja.

"Mwana wanga, mukamakwera chitunda injini imalira galimoto osathamanga?"

"Ayi, madala, imakoka bwinobwino."

"Ndiye injini yalakwanji kuti muitsitse? Puleti ikatha klatchi imaterereka. Yanuyi ikukanika kumasuka, ndipo mukuti mukamanga imalefukanso. Kebulo imeneyo ikuduka kamodzikamodzi."

Pa Beetle injini ndi giyabokosi zili kumbuyo, choncho kebulo imayambira pa mapedulo, kudutsa m'kapaipi ka mkati mwa msana wa galimoto, n'kukatulukira kumanzere kwa giyabokosi. Tinakweza jeke, kuchotsa tayala la kumbuyo la kumanzere, nati ya mapiko ija n'kuonekera. Inali itamangidwa mpaka kumapeto kwa mazinga. Titamasula mapedulo n'kusolola kebulo chakutsogolo, zonse zinali poyera: pafupi ndi diso limene limakola pa ngowe ya pedulo, timawaya tambiri tinali titaduka n'kunyankhalala ngati tsache lakutha. Totsala tochepato ndi timene timandiyendetsa mu Blantyre muno. Ngowe yakeyo inadyekako pang'ono, koma madala anati ikadali ndi moyo.

Kusaka yatsopano ndiye inali ntchito. Ku South Africa anasiya kupanga Beetle mu 1979, ku Mexico mu 2003, ndiye anyamata ambiri ogulitsa masipeya mumsika wa Ndirande amangokuyang'ana. Wina anandipatsa ya Kombi akulumbira kuti ndi imodzimodzi. Mwayi madala anandiuza kuti ndinyamule yakaleyo. Titazigoneka pamodzi, ya Kombi inatalika kwambiri. Yoyenera ndinakaipeza ku Limbe, dzuwa litapendeka, m'mimba muli chimanga chootcha chokha.

Chimene chandisangalatsa lero si kebulo ayi, koma kapaipi kofewa kakuda ka kumapeto, pakati pa thupi la galimoto ndi giyabokosi, kamene amati Bowden tube. Ine ndimayesa kuti kuwongoka kwake ndiye ubwino. Madala anapukusa mutu. Kamayenera kukhala kopindika, kogwera pansi mamilimita 25 mpaka 45, chifukwa giyabokosi imagwedezeka pa marabala ake ponyamuka, ndipo kupindikako ndiko kumameza kugwedezekako. Kakawongoka, galimoto imanjenjemera ukamasiya klatchi pa giya yoyamba. Kunjenjemera kumeneko amalume akhala akunena kuti ndi ukalamba wa galimoto! Madala anaikapo mawashala kumapeto kwa kapaipiko mpaka kanapindika bwino.

Kebulo yatsopano anaipaka girizi wambiri asanailowetse. Pobwezera mapedulo anamangirira diso lija ku ngowe ndi kalabala ka chubu, chifukwa pedulo ikangogwera kumbuyo kebulo imavuka mkatimo, ndiye muyambirenso. Ine ntchito yanga inali kugwira pedulo chilili, iwo ali pansi kuzungulitsa nati, mpaka pedulo inkayenda yokha mamilimita 10 mpaka 20 isanayambe kulimba. Akuti mukaimangitsa, beringi ya klatchi imazungulira nthawi zonse n'kutha msanga, ndipo pamenepo ndiye injini imatsikadi.

Pobwerera rivesi inalowa mwakachetechete, ndipo pa mzere wa magalimoto ku Ginnery Corner ndinanyamuka bwino osanjenjemera. Madala anena kuti kebulo yatsopano imatamuka pang'ono, ndiye ndikaonekerenso sabata yamawa akaonjezere nati. Awonanso kuti handibuleki ikugwira mbali imodzi yokha, koma zimenezo amalume ndikawauza akatha kudya.