Sabata imene 504 ya agogo inatigoneka mochedwa

Lolemba m'mawa ndisanamalize n'komwe tiyi, ndinaona Honda Fit ikulowa pa galaja yathu ku Highfield, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, ikukoka chinthu ndi chingwe. Sindinafunikire kuyang'ana nambala. Peugeot 504 yoyera ngati imeneyo, ya 1979, kuno kwathu ndi imodzi yokha, ndipo mwini wake ndi agogo ena a ku Mufakose, mkulu wa mpingo wathu wa CCAP. Anali pa chiwongolero atavala jekete ndi tayi, ngati kuti kukokedwa ndi chingwe ndi ulendo wa ku ukwati.

"Amisiri, mayi anu adwala," anatero potsika. Galimotoyi amaitcha mayi anga chifukwa inayamba kubwera pano bambo anga ali moyo, ine ndikungowapatsira masipanala.

Nditasolola kachitsulo koyezera oyilo ndinapeza oyiloyo akuoneka ngati tiyi wamkaka. Madzi alowa. Agogo anavomera kuti Lamlungu pochokera kutchalitchi muvi wa kutentha unakwera ali pa mzere wa magalimoto, koma anati amafuna angofika kaye kunyumba. Mawu akuti "ndingofika kaye" atidyetsa ife amakanika zaka zambiri.

Lachiwiri ndi tsiku limene ndikuchita nalo manyazi. Tinamasula hedi bwinobwino, gasiketi n'kupezeka yapsa pakati pa silinda yachiwiri ndi yachitatu. Tsono injini ya 504 siili ngati za ku Japan zimene anyamata a masiku ano anazolowera. Masilinda ake sanabooledwe mu buloko, ndi mapaipi ochita kulowetsa, ma liner, ndipo madzi amawazungulira. Pansi pa lililonse pali kapepala kopyapyala kotchinga madzi kuti asatsikire ku oyilo, ndipo chimene chimawapanikiza onse ndi hedi yomweyo. Ukachotsa hedi, umayenera kuwamanga kaye ndi tizitsulo. Ine ndinati ndimanga ndikabwera, foni inali ikulira. Pobwera ndinapeza mwana wa mlongo wanga, amene ndikumuphunzitsa ntchito, waika sipanala pa pule akuzungulitsa injini kuti apukute mapisitoni. Ma liner awiri anali atatukuka.

"Sekuru, ndalakwa?" Mwanayu anabadwira ku Glen View, Chichewa chake n'chosakaniza, ndipo malume amati sekuru monga a Chishona. Ndinafuna kumukalipira, koma ndimukalipire chiyani poti sindinamuuzepo? Ntchito ya tsiku limodzi inasanduka yotsitsa injini yonse.

Lachitatu lonse linathera pa kusaka. Ndinayamba mu Kaguvi Street, kumene anyamata amakuthamangira usanaime n'komwe, aliyense akulumbira kuti ali nacho. Ukatchula 504 amayamba aseka, kenako wina amati dikirani, n'kusowa theka la ola, n'kubwera ndi gasiketi ya galimoto ina. Ndinapita ku msika wa Siyaso ku Mbare, ndinangopezako nyali yakumbuyo imene sindimaifuna koma ndinagulabe. Zonse ndinakazipeza kwathu konkuno ku Gazaland, kwa bambo wina wachikulire amene kale ankakonza mateksi, m'bokosi lafumbi pansi pa tebulo: gasiketi ndi timapepala ta ma liner tonse. Mtengo anatchula wa madola a ku America, osatsitsa ngakhale pang'ono. Amadziwa kuti kwina kulibe.

Zimandidabwitsa kuti galimoto imene inadzaza misewu ya Africa yafika posakidwa chonchi. Inatuluka ku France mu 1968, chaka chotsatira n'kusankhidwa kukhala galimoto yopambana ku Ulaya. Mu 1975 inapambana Safari Rally ku Kenya, ndipo ku Kenya ndi ku Nigeria anapitiriza kuipanga mpaka zaka za m'ma 2000, ku France atasiya kalekale. Agogo mbiri imeneyi amainena ngati ya m'banja mwawo. Koma imene amaikonda kwambiri ndi yawo: anaigula kwa mzungu wina ali pa ntchito ya njanji, ndipo nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992 anakweza banja lonse, kudzera pa Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, mpaka kwawo ku Ntcheu. Amati mudzi wonse unabwera kudzaigwira. Mayi a kunyumba kwawo anamwalira zaka zapitazo, ndipo mpando wakutsogolo sanalole kuti tiusokenso ngakhale unang'ambika.

Lachinayi ndinatumiza hedi kokaipala kuti iwongoke, poti ndi ya aluminiyamu ndipo ikatenthedwa imapindika. Magetsi anathima, inabwera madzulo. Podikira ndinasintha mabuleki a Toyota Wish, oyilo wa ma Fit awiri a mushikashika (mateksi oyenda popanda chilolezo), ndi kilatchi ya kombi, minibasi ya kuno. Ndalama ya sabata inachokera kumeneko, ndisaname. Magalimoto amenewa ukawalumikiza ku kompyuta amakuuza okha pamene pakupweteka, umasintha chitsulo, mwini wake n'kumapita, dzina lake osalidziwa.

Chimene chinkandisowetsa mtendere n'chakuti gasiketi siingopsa yokha. Radiyeta inali yoyera, pampu ya madzi yabwino. Ndiye ndinakumbukira fani. Pa 504 fani siizungulira mwamphamvu nthawi zonse, ili ndi maginito amene amaigwira madzi akatentha, ndipo moto umafika ku maginitowo kudzera pa kakhala kakang'ono kokhudza pule. Kakhalako kanali katatha, kotsala ngati njere ya mpunga. Pa msewu wautali mphepo imaziziritsa yokha, koma pa mzere wa mu tauni injini imangophika. Ambiri amangomanga faniyo ndi mabawuti kuti izizungulira osaleka, ndipo zimagwira, koma agogo sangalole phokoso limenelo. Ndinasema kakhala ka alternator yakale ndi fayilo mpaka kanalowa. Ndinasinthanso mapaipi a petulo, chifukwa chiyambire 2013 petulo wathu amasakaniza ndi ethanol, ndipo mphira wakale amauma n'kuyamba kung'aluka.

Lachisanu tinamanga, ndipo ulendo uno mnyamata ndinamuika pambali panga. Ndinamuonetsa kuyeza mmene liner iliyonse yatulukira pamwamba pa buloko, n'kusankha kapepala koyenera, poti timasiyana makulidwe. Ndinamuuza kuti Afalansa amawerenga silinda yoyamba kuchokera kumbuyo, ku giyabokosi, osati kutsogolo. Mavalavu tinatchera injini ili yozizira, 0.10 olowetsa, 0.25 otulutsa. Anafunsa kuti manambalawa ndimawaona pati. Ndinaloza pamutu panga, koma zoona zake n'zakuti ndinawamva kwa bambo anga akundikalipira. Inalira cha m'ma 9 koloko usiku, titaunikira ndi mafoni.

Loweruka agogo anafika ndi kope lawo. Ndi kope la sukulu lachikuto cholimba, lachitatu tsopano, ndipo muli chilichonse chimene galimotoyi inachitidwapo: tsiku, makilomita, mtengo. Masamba a 2008, chaka chimene ndalama ya Zimbabwe inatheratu mphamvu, ali ndi maziro osefukira m'mizere. Ana awo a ku Johannesburg akhala akuwauza kuti aigulitse awagulire ina, ndipo ine ndemwe ndinakonzeka kuwauza zomwezo Lachitatu lija, mapazi akuwawa. Titayenda nayo mu Willowvale Road, muvi uli phee pakati, fani n'kugwira yokha titaima pa maloboti, mawuwo sanatuluke.

Ndinawauza za ma liner, kuti kulakwa kunali kwathu ndipo ntchito imeneyo salipira. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kuitana mnyamata uja.

"Iwe mdzukulu, ndiwe unazungulitsa?"

"Eya, agogo."

"Udzazungulitsanso?"

"Ayi, agogo."

Analemba m'kope, n'kumupatsa cholembera kuti asaine pansi pa dzina langa, tsamba lomwelo limene ndinawalembera kuti abwerenso ikayenda makilomita 1,000 tidzamangitse mabawuti a hedi. Anati akabwera adzamange ndi iyeyo, ine ndidzangoyang'ana.